Fumbi lisalowe mu injini: kutsuka ndi kusintha fyuluta ya mpweya ya njinga yamoto

Kuti njinga yamoto imalize lita imodzi ya petulo, injini yake imakoka mpweya wokwana pafupifupi malita 9,000. Mpweya wonsewo umachokera pamsewu pomwe mukuyendapo. Ngati ndi msewu wadothi m'mwezi wa Okutobala, lole ili patsogolo panu, mukudziwa nokha zimene zili mu mpweyawo, chifukwa mumazimva ndi mano omwe. Fumbi lambiri la mumsewu ndi timchenga tating'onoting'ono, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Ukalowa umasakanikirana ndi oyilo n'kuyamba kupala silinda, maring'i ndi mavalavu. Pa injini za two-stroke (zimene zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo), monga ya Yamaha DT 125 kapena kanjinga ka ana ka PW50, vuto limakula chifukwa mpweya umayamba wadutsa m'chipinda cha crankshaft, kumunsi kwa injini, usanakwere ku silinda, choncho fumbi limafika mpaka m'mabeyaring'i.

Chimene chimatchinga zonsezi ndi kachidutswa ka siponji kapena ka pepala kokwana m'manja awiri, kotchedwa fyuluta. Anthu ambiri amaopa fyuluta yakuda, koma ine ndimaopa kwambiri fyuluta youma, yong'ambika kapena yokhala mopendekera. Yakuda imakuuzani yokha kuti yadwala: njinga imalemera, petulo amatha msanga. Youma ndi yong'ambika siziuza munthu kanthu. Njinga imathamanga bwinobwino, mwinanso kuposa kale, mpaka tsiku limene iyamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, makaniki n'kukuuzani kuti injini imasulidwe. N'chifukwa chake pa malangizowa nditaya nthawi yambiri pa kudzoza oyilo ndi kubwezeretsa fyuluta pamalo pake, osati pa kutsuka pokha.

Yambani mwadziwa mtundu wa fyuluta yanu

Musanatunge madzi, onani kaye kuti njinga yanu ili ndi fyuluta yanji, chifukwa chimene chimachiritsa mtundu wina chimapha unzake.

Njinga zambiri zopangidwira misewu yadothi, monga Yamaha DT 125, AG 200 imene alangizi ambiri amayendera kumidzi, TT-R125 ndi Honda CRF50F, zili ndi fyuluta ya siponji yodzozedwa oyilo. Imeneyi imatsukidwa ndi kubwezeretsedwa kambirimbiri. Ina imakhala ndi zigawo ziwiri, chakunja cha mabowo akuluakulu ndi chamkati cha mabowo ang'onoang'ono. Njinga zina zili ndi fyuluta ya pepala lopindapinda, youma, ndipo imeneyi siyifuna madzi kapena oyilo. Palinso ya pepala lomwe analinyowetsa kale oyilo kufakitale, imene imapezeka pa njinga zina za Honda za masiku ano. Mukaikhudza imakhala yonata pang'ono. Imeneyi situkidwa, sipemereredwa ndi kompuresa, imangosinthidwa ikatha. Ndipo tinjinga tina ting'onoting'ono tilibe bokosi la mpweya n'komwe, fyuluta yake imamangidwa pakamwa penipeni pa kabureta (chipangizo chosakaniza mpweya ndi petulo) ndi lamba wachitsulo.

Ngati buku la njinga yanu lilipo, litsegulani. Zimene likunena pa mtundu wa oyilo ndi nthawi yosinthira zipose zimene ndalemba pano, chifukwa analilemba ndi amene anapanga njingayo.

Zokonzeratu

Mufunika sikuludiraiva, masipanala ang'onoang'ono (pa njinga zambiri 8 ndi 10 ndi amene amagwira ntchito apa), mabeseni awiri osagwiritsidwanso ntchito kukhitchini, palafini kapena mankhwala otsukira fyuluta ogula, sopo wamadzi wotsukira mbale, madzi ofunda, zisanza zoyera zosathothoka ulusi, jumbo yosabooka, oyilo wa fyuluta, girizi pang'ono ndi tochi. Magolovesi a labala ngati alipo valani, chifukwa palafini amaumitsa khungu ndipo oyilo wa fyuluta sachoka msanga m'manja.

Ntchitoyi chitirani panja pamthunzi, pamalo opanda mphepo youlutsa fumbi, kutali ndi mbaula ndi aliyense wosuta fodya. Injini ikhale yozimitsa ndi yozizira, kampopi ka petulo katsekedwe. Yalani thumba kapena katoni pansi kuti mabawuti asagwere m'dothi.

Kuchotsa fyuluta

Bokosi la mpweya kawirikawiri limakhala pansi pa chishalo kapena kuseri kwa chivindikiro cha m'mbali. Ngati simukuliona, tsatirani paipi yaikulu ya labala yochoka ku kabureta kulowera kumbuyo, ikufikitsani.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, pukutani kunja kwa bokosi ndi chisanza chonyowa. Matope ouma amene ali pa chivindikiro ndi amene amagwera mkati mukangotsegula. Kenako masulani, ndipo musanasolole fyuluta iyang'anitsitseni mmene yakhalira: mbali iti yayang'ana ku injini, mbali iti ili kumwamba, kachitsulo koigwira kakola pati. Ijambuleni pafoni. Pakatha maola angapo mukudikira kuti iume, zimenezi zimaiwalika.

Isololeni pang'onopang'ono, mbali yakuda ikuyang'ana kumbali, osati pamwamba pa bowo lopita ku kabureta. Ikangotuluka, tsekani bowolo ndi chisanza choyera. Chisanzacho chikhale chachikulu ndithu, mbali ina ikulendewera kunja, kuti musachiiwale mkati potseka.

Koma musanatseke bowolo, pali kachinthu kamodzi koti muchite, ndipo kamanena zambiri kuposa zonse. Sambani m'manja, lowetsani chala m'paipi ya labala ija, kuseri kwa pamene fyuluta inali, n'kupukuta khoma lake. Tulutsani chala, chipekeseni ndi chala chachikulu. Ngati pali kachinyezi ka oyilo kosalala, zili bwino. Ngati mukumva timchenga tikukhukhuluza, kapena tochi ikuonetsa fumbi lofiirira litamatira mkatimo, ndiye kuti fumbi lakhala likudutsa. Musapitirire musanapeze podutsira pake. Mwina siponji yabooka, mwina inali youma, mwina m'mphepete mwake simunagwire bwino, mwinanso paipi ya labalayo yang'aluka. Kutsuka fyuluta n'kuibwezera pamalo podontha n'kutaya nthawi.

Ngati siponji yavala pa felemu ya pulasitiki kapena ya waya, ivuleni mosamala osaikoka mwamphamvu. Njinga zina zili ndi kasefa ka waya kuseri kwa siponji. Kamene kaja kamateteza siponji kuti isapse moto ukabwerera kuchoka ku kabureta. Musakataye poganiza kuti kakutchinga mpweya.

Tsopano yeretsani mkati mwa bokosi ndi chisanza chonyowa pang'ono, makamaka pamphepete pamene fyuluta imatsamira. Girizi wakale yense achoke. Pansi pa bokosi la njinga zambiri pali kapaipi kotulutsira madzi ndi oyilo. Katseguleni, kakhuthuleni, n'kukabwezera chotsekera chake.

Kutsuka siponji

Kutsuka kuli pawiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Fumbi lamatirira pa oyilo, ndipo oyilo sachoka ndi madzi okha. Choncho poyamba mumasungunula oyilo, kenako mumachotsa chosungunuliracho pamodzi ndi dothi lotsala.

Thirani palafini m'beseni loyamba, wokwanira kumiza siponji. Iviikeni, ifinyeni pakati pa zikhatho, isiyeni imwenso, ifinyeninso. Palafini ada msanga ndipo muona mchenga ukukhazikika pansi pa beseni. Musaikhuze siponji pansi pomwe pali mchengawo.

Apa ndi pamene mafyuluta ambiri amafera: kupotokola. Dzanja lozolowera kuchapa limafuna kupotokola chilichonse chonyowa, koma siponji ikapotokoledwa timabowo take timang'ambika, ndipo m'malumikiziro momwe anamata ndi guluu mumayamba kutseguka. Kung'ambika kwake nthawi zambiri sikuoneka ndi maso. Finyani basi, ngati yakana kuyera finyaninso, koma osapotokola, osaikwecha ndi burashi, osaimenyetsa pamwala.

Ndikudziwa kuti m'magalaja ambiri amatsukira petulo, chifukwa amakhala ali pafupi ndipo amauma msanga. Musatengere. Petulo amatupitsa siponji ndi kufooketsa guluu wa m'malumikiziro, ndipo fyuluta yotsukidwa ndi petulo kangapo imayamba kuyoyoka. Choopsa kwambiri ndi moto. Nthunzi ya petulo imayenda pansi n'kukapeza mbaula imene inu mukuiona ngati ili kutali. Mabuku a njinga amachenjeza za chimenechi momveka bwino.

Mukamaliza ndi palafini, finyani mpaka asiye kudontha, ndipo pitani ku beseni lachiwiri la madzi ofunda ndi sopo wa mbale. Madziwo akhale oti dzanja likhoza kukhalamo, osati owira. Finyani mobwerezabwereza, tayani madzi, ikaninso ena ndi sopo. Kawiri kapena katatu, mpaka pansi pa beseni pasapezekenso mchenga. Kenako tsukuluzani ndi madzi oyera mpaka thovu lithe. Sopo wotsalira amalepheretsa oyilo watsopano kugwira.

Pali oyilo wina wa fyuluta wopangidwa kuchokera ku zomera, amene amachoka ndi madzi ndi sopo wake wapadera popanda palafini. Ngati ndi amene munadzoza ulendo wathawu, tsatirani zolembedwa pa botolo lake.

Palafini wakudayo musathire m'ngalande, pafupi ndi chitsime kapena m'dimba. Muikeni m'botolo lotseka, lolembedwa, kutali ndi ana, ndipo lisakhale botolo la chakumwa. Pakapita masiku dothi limakhazikika pansi, wapamwambayo mudzatsukira ulendo wina.

Kuumitsa ndi kuyendera

Ifinyeni m'chisanza chouma kuti madzi ambiri achoke, n'kuiyanika pamthunzi podutsa mphepo, pamalo oyera. Osati padzuwa lamphamvu, osati pafupi ndi moto, osati pa ekizozi yotentha, ndipo musaipemerere ndi kompuresa chifukwa mphepo yake imaboola siponji. Ipatseni nthawi. Mukatsuka madzulo, dzozani m'mawa. Siponji imatha kuoneka youma kunja pamene mkati muli madzi, ndipo pamene pali madzi oyilo sakhalapo. Malo amenewo madzi akadzauma adzatsala opanda kanthu, khomo la fumbi. Kuti mutsimikize, ifinyeni m'pepala louma. Pepala likanyowa, dikiranibe.

Ikauma, iyendereni pa kuwala. Ikani tochi mkati, muyang'ane kunja. Kokani pang'ono m'malumikiziro monse muone ngati mukutseguka. Itsineni ndi zala: siponji yamoyo imabwerera msanga, yotha imatsala yophwatalala kapena kusiya tizidutswa m'zala. Onaninso mphepete mwake momwe mumatsamira bokosi ngati simunaphwe. Mukapeza bowo, ngakhale laling'ono, kapena ikuyoyoka, ntchito yake yatha. Musaisoke ndi ulusi kapena kuimata. Tizidutswa ta siponji yoyoyoka timakokedwa kupita m'kabureta momwemo.

Kudzoza oyilo

Siponji payokha sigwira fumbi losalala. Mabowo ake ndi aakulu kuposa fumbilo. Chimene siponji imachita ndi kukhotetsakhotetsa njira ya mpweya, kuti fumbi liziomba makoma a timabowo, ndipo chogwira fumbilo ndi oyilo amene ali pa makomawo. Zili ngati ulimbo pa nthambi: nthambi yopanda ulimbo mbalame imangotera n'kuuluka. Fyuluta yotsukidwa bwino, yoyera mbee, koma yosadzozedwa, ndi yoopsa kuposa yakuda imene munaichotsa.

Oyilo woyenera ndi wopangidwira fyuluta ya siponji. Makampani monga Motul, Putoline ndi Twin Air amapanga oyilo wotere. Amatuluka m'botolo ali wopyapyala kuti alowe paliponse, kenako chomusungunula chimauluka, iye n'kutsala wonata kwambiri. Kawirikawiri amakhala ndi mtundu, wabuluu kapena wofiira, kuti muziona pamene pafika ndi pamene pasanafike. Samalani pogula, chifukwa palinso oyilo wa mafyuluta a nsalu ya thonje, amene ndi wopyapyala ndipo sakhalitsa pa siponji.

Kumene oyilo wotereyu sapezeka, njira ilipo. Mabuku ena akale a Honda amalola oyilo wa giya wa SAE 80 kapena 90, ndipo ena a Yamaha amalola oyilo wa injini wa 10W-30. Amagwira ntchito, koma dziwani kufooka kwake: sanata kwambiri, choncho pakapita masiku amatsetsereka n'kukadzadza kumunsi kwa siponji, kumtunda n'kutsala kouma, makamaka nyengo yotentha. Wodzoza oyilo wa injini ayenera kutsegula bokosi pafupipafupi kuposa mnzake. Ndipo akhale watsopano. Oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini ali ndi tizitsulo ndi mwaye, ndiye kumudzoza pa fyuluta n'kubwezera mu injini zinyalala zomwe munazichotsa. Mafuta ophikira asayandikire n'komwe.

Kadzozedwe kake ndi aka. Ikani siponji mu jumbo, thiranimo oyilo pang'ono, gwirani kukamwa kwa jumbo ndi dzanja limodzi, linalo lizifinya ndi kutembenuza. Itulutseni muione. Pamene pakuoneka mtundu wa siponji weniweni, thirani pomwepo n'kufinyanso. Tembenuzani muone mkati, chifukwa oyilo ayenera kulowerera mpaka mbali inayo, osati kungopaka pamwamba. Malo oiwalika kwambiri ndi m'makona, m'malumikiziro ndi m'mphepete. Ngati fyuluta ili ndi zigawo ziwiri zolekana, dzozani chilichonse pachokha pokhapokha buku litanena zina.

Kenako chotsani wochuluka. Finyani siponji m'chisanza choyera mpaka isiye kudontha. Muyeso wake ndi wakuti paliponse pakhale ponata mukakhudza, koma mukafinya pasatuluke dontho. Oyilo akachuluka amatseka mpweya, amadonthera m'bokosi, ena amakokedwa kupita m'kabureta, njinga n'kumavuta kulira ndi kumadetsa pulagi. Komabe pa zolakwika ziwirizi, kuchulutsa pang'ono kuli bwino kuposa kuperewetsa. Kuchulutsa mudzaona tsiku lomwelo n'kukonza. Kuperewetsa mudzamva ndi makaniki.

Ngati mwagwiritsa ntchito oyilo wa fyuluta weniweni, isiyeni pamalo oyera kwa kanthawi kamene botolo lanena kuti chosungunulira chiuluke, musanaibwezere.

Kubwezeretsa

Valikani siponji pa felemu yake mmene inalili, timabowo take tilowe pa timano take tonse. Tengani girizi pang'ono ndi chala, mupake mzere wopyapyala kuzungulira mphepete monse momwe mukatsamire bokosi, osadumpha malo. Girizi ameneyu amatseka timipata timene maso sangaone. Mpweya umakonda njira yosavuta, ndipo ukapeza kampata m'mphepete, umadutsa pomwepo ndi fumbi lake osalowanso m'siponji.

Chotsani chisanza chija m'paipi. Chiyang'aneni chili m'manja mwanu musanapitirire.

Lowetsani fyuluta molingana ndi chithunzi chimene munajambula, osaikhuza m'makoma a bokosi. Mangani bawuti kapena kolani kachitsulo kake. Ngati ndi bawuti ya pakati yomanga ndi manja, onetsetsani kuti yalowa m'malo mwake, osati kungopanikiza pambali. Tsopano yendetsani chala kuzungulira fyuluta yonse, kuseri ndi kunsi komwe maso sakufika, mukumva ngati paliponse pagwira. Igwedezeni pang'ono. Ngati ikusuntha kapena chala chikulowa penapake, ichotseni muyambirenso. Kumunsi ndi kuseri ndi kumene fyuluta imakonda kutsala m'mwamba, chifukwa kutsogolo kumaoneka bwinobwino ndipo munthu amakhutira.

Yang'anani paipi ya labala yochoka ku bokosi kupita ku kabureta, ndi ina yochoka ku kabureta kupita ku injini. Ipindeni pang'ono ndi zala tochi ikuwala, chifukwa ming'alu ya labala wokalamba imaoneka akapindidwa. Mangani malamba achitsulo mokwanira, osati mpaka kudula labala. Mng'alu wa apa umalowetsa fumbi komanso mpweya wopitirira muyeso, ndipo injini imatentha kwambiri, kapena kumachedwa kutsika mukabweza moto.

Bwezerani chivindikiro ndi labala wake wa m'mphepete, mabawuti onse, osati awiri okha. Onani kuti pakamwa polowera mpweya m'bokosi palibe chotchinga. Ambiri amasunga chisanza, mapepala a njinga kapena jumbo pansi pa chishalo, ndipo zinthu zimenezi zimakokedwa n'kutseka pakamwapo, munthu n'kumavutika ndi kabureta yosalakwa.

Tsegulani petulo, lizani njinga, isiyeni ilire payokha mphindi zingapo, kenako ipatseni moto pang'onopang'ono. Iyenera kuyankha mosajejema. Ikamachita ngati ikutsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda, mwina oyilo wachuluka, ndiye ichotseni muifinyenso.

Pa tinjinga topanda bokosi tija, ntchito ndi yomweyi koma yofupika: masulani lamba, chotsani, tsukani, dzozani, bwezerani, mangani. Kungoti fyuluta yake ili pamtetete, imakumana ndi fumbi, matope ndi mvula mwachindunji, choncho imafuna kuonedwa pafupifupi ulendo uliwonse.

Fyuluta ya pepala

Apa nkhani ndi yaifupi. Ya pepala louma igogodeni pang'onopang'ono pa chikhatho kuti fumbi ligwe. Ngati pali kompuresa, pemererani mosapanikiza kuchokera mbali yoyera, yoyang'ana ku injini, kuti fumbi lituluke njira imene linalowera. Mukapemerera kuchokera kunja mukulikhomerera mkati. Iunikeni ndi tochi: ngati kuwala sikudutsa, kapena kukudutsa pa kabowo kowala kwambiri, kapena pepala lanyowa ndi madzi kaya oyilo, gulani ina. Ya pepala lonata ija musaivutitse, ingosinthani.

Kugula yatsopano

Pitani kusitolo ndi yakaleyo m'manja, kapena nambala yake ya m'buku. Njinga zambiri zimafanana kunja koma mabokosi ake ndi osiyana, ndipo fyuluta yoperewera pang'ono chabe m'mphepete ndi yopanda ntchito. Ziikeni pamodzi muyerekeze utali, kunenepa ndi pamene pali mabowo. Pa ya pepala, onani ngati guluu wagwira pepala ku felemu kuzungulira konse, chifukwa zotchipa zina zimalekana pomwepo.

Fyuluta ya siponji yatsopano nthawi zambiri imabwera youma. Kukhala yatsopano sikuichititsa kugwira fumbi, iyenera kudzozedwa monga ndafotokozera. Zina zimabwera zodzozeratu, ndipo mudzazidziwa chifukwa zimakhala m'pepala lapulasitiki lomata ndipo zimanata mukazikhudza.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa ozichita amakhala anthu amene njinga ndiyo ikudyetsa banja lawo. Choyamba ndi kudula siponji ya matiresi n'kuiika m'bokosi. Siponji ya fyuluta inapangidwa kuti timabowo take tikhale totseguka ndi tolumikizana, komanso kuti ipirire oyilo ndi nthunzi ya petulo. Ya matiresi inapangidwira kugonapo. Imatchinga mpweya, sikhala bwino m'mphepete, ndipo imafulumira kuyoyoka. Chachiwiri ndi kuchotseratu fyuluta kapena kuboola bokosi kuti njinga "ipume". Kulira kumasinthadi, kumamveka kwaukali, koma kabureta anaitchera kuti igwire ntchito ndi fyuluta ili pomwepo. Mukaichotsa, mpweya umachuluka kuposa petulo, injini imatentha, ndipo mchenga wonse wa mumsewu umalowa mwaufulu. Mtengo wa fyuluta yeniyeni ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pisitoni, maring'i, silinda ndi masiku amene njinga ikhale pagalaja osapanga ndalama.

Muzitsegula liti?

Makilomita olembedwa m'buku amawerengera msewu wabwino, ndipo mabuku omwewo amanena kuti koyenda m'fumbi kapena m'madzi muzichita pafupipafupi. Ochita mipikisano ya njinga m'dothi amatsuka akangomaliza tsiku lililonse. Kwa woyenda misewu yakumudzi tsiku ndi tsiku, ine ndinganene kuti kuyambira mvula ikasiya mpaka itayambanso, makamaka Ogasiti mpaka Novembala, muzitsegula bokosi sabata iliyonse n'kuona. Kuona sikutenga nthawi. Ngati mtundu wa oyilo ukuonekabe ndipo pakunata, tsekani. Ngati pamwamba pachita chikhakha cha fumbi louma, yakwana nthawi. Kanjinga ka mwana nakonso musakaiwale poti sikapita kutali: n'kafupi, kamayenda pafupi ndi dothi, ndipo kawirikawiri kamazungulira pabwalo limodzi m'fumbi lake lomwe.

Njinga nayo imanena. Ikayamba kukana kukwera mtunda umene inkakwera, kumwa petulo mopitirira, kutulutsa utsi wakuda, kapena mukamasula pulagi n'kupeza yakuda ndi mwaye wouma, yambani mwaona fyuluta musanalole aliyense kumasula kabureta.

Chimene chimalepheretsa ambiri ndi kudikira kuti siponji iume, chifukwa njinga ikufunika m'mawa. Mukhale ndi mafyuluta awiri. Ina ikhale pa njinga, inayo yotsukidwa ndi yodzozedwa kale, yomangidwa mu jumbo yoyera. Kusintha kumangotenga mphindi zochepa, ndipo yakudayo mudzaitsuka tsiku lopuma. Poyenda, musamamatirire kumbuyo kwa galimoto kapena njinga inzanu m'fumbi. Kusiya mpata kuti fumbi litsike kumatalikitsa moyo wa fyuluta kwambiri.

M'dzinja mdani amasintha. Potsuka njinga musalozetse madzi pakamwa pa bokosi la mpweya, ndipo mukamaliza khuthulani kapaipi ka pansi kaja. Mukawoloka mtsinje madzi n'kufika m'bokosi, njinga n'kuzima, musaikakamize kulira. Madzi sapanikizika, ndipo akakhala mu silinda akhoza kupinda chitsulo chogwira pisitoni. Ikankhireni kumtunda, chotsani fyuluta, khuthulani bokosi, masulani pulagi, pondani kiki kangapo kuti madzi atuluke pa bowo la pulagi, ndipo khetsani petulo wa m'kabureta pa kasikuluwu ka pansi pake. Siponji yonyowa ifinyeni bwino kuti mukafike kunyumba, kumene mukaitsuke ndi kuidzoza mwatsopano. Onaninso oyilo wa injini: ngati wasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, mwalowa madzi, ndipo asinthidwe njinga isanayendenso ulendo wina.